Funsani za masewero: ma import a mu PBA, alendo ogwedeza basketball ya ku Philippines

Mwezi uno makalata anu ambiri agwera ku Philippines, zomwe sizichitikachitika. Zikuoneka kuti timavidiyo ta basketball ya kumeneko tikuyenda kwambiri pa Facebook ndi pa YouTube, nde mwayamba kufunsa za PBA, makamaka za osewera akunja aja omwe eni ake amangowatchula kuti ma import. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula poti anali ataliatali, musandikwiyire.

Akulu, ine mutu wabalalika. Mu Novembala 2024 ndinaona TNT ikunyamula chikho, mu Malichi 2025 TNT yomweyo inanyamulanso china, kenako mu Julaye akuti akatswiri ndi San Miguel. Kodi ligi imodzi imakhala ndi akatswiri angati? Ndine wobalalika.

Amwene, simunaone molakwika, zonse zitatuzo ndi zoona. PBA, kapena kuti Philippine Basketball Association, inayamba mu 1975 ndipo ndi ligi yoyamba ya basketball yolipira osewera mu Asia monse. Sizoni yake siyenda ngati ya NBA kuti mumenyane chaka chonse kulimbirana chikho chimodzi ayi, amaigawa patatu, ndipo gawo lililonse amalitcha conference, lili ndi magemu ake oyambirira, chipulula chake, fainolo yake ndi chikho chake. Philippine Cup ndi ya eni dziko okhaokha, mlendo saponda. Commissioner's Cup ndi Governors' Cup ndi zomwe timu iliyonse imaloledwa kubweretsa wosewera wakunja, nthawi zambiri mmodzi basi. Maina awiriwa anayamba mu 1993, kale ankati Open kapena Reinforced, ndipo pakati pa 2004 ndi 2010 anachepetsa n'kukhala ma conference awiri, ya alendo ankaitcha Fiesta, kenako anabwereranso ku atatu.

Nde zomwe munaonazo ndi izi, TNT inatenga Governors' Cup ndi Commissioner's Cup ili ndi import wake Rondae Hollis-Jefferson, ndipo inkafuna chachitatu kuti ikwanitse chomwe amati Grand Slam, koma mu Philippine Cup momwe mlendo saloledwa inakagwa mu fainolo kwa San Miguel ya chiphona June Mar Fajardo. Grand Slam si masewera, chiyambire yachitika kasanu kokha, Crispa mu 1976 ndi 1983, San Miguel mu 1989, Alaska mu 1996 ndi San Mig Coffee mu 2014. Ziwiri zomalizazo kochi anali mmodzi, Tim Cone.

Achimwene, ndamva kuti osewera akunja amayamba ayezedwa kaye msinkhu, akatalika kwambiri amabwezedwa. Basketball si ya anthu ataliatali kodi? Zikundimvekera ngati tsankho. Ndine mlongo wanu wokonda masewero.

Achemwali, nkhani yoyeza ndi yoona, import akafika amapita naye ku ofesi ya ligi, nsapato pansi, n'kumuyeza pamaso pa anthu, ndipo akapyola malire olo ndi kachidutswa ka inchi sasewera, timu iyambirenso kusaka wina. Malirewo sakhala amodzimodzi chaka chilichonse. Mu Governors' Cup akhala akuzungulira pa mafiti 6 ndi mainchesi 5 kapena 6, kutanthauza mozungulira mamita 1.96 mpaka 1.98. Mu Commissioner's Cup amakweza kufika pa mafiti 6 ndi mainchesi 9 kapena 10, ndipo zaka zina amangochotseratu malire, monga zinachitikira mu 2012 komanso mu sizoni ya 2024 mpaka 2025. Panalinso nthawi ina, monga mu 2015, yomwe matimu omwe anachita moyipa ankaloledwa kutenga import wamtali kuposa anzawo kuti akokereko pang'ono, nchifukwa chake timu ya Kia inabwera ndi PJ Ramos wa ku Puerto Rico, munthu wopyola mafiti 7.

Tsankho? Ine sindikuona choncho. Taganizani, osewera ambiri a ku Philippines ndi amsinkhu wapakati, ataliatali enieni ngati Fajardo yemwe ali pa mafiti 6 ndi mainchesi 10 ndi owerengeka. Mukalola timu iliyonse kubweretsa munthu wa mafiti 7 chaka chonse, gemu imasanduka yongomuponyera mpira m'mwamba iye n'kumangoika mu basiketi, anzake anayi aja angokhala operekeza, ndipo anyamata a m'dzikomo omwe amasewera pansi pa basiketi sangaonenso bwalo, azingotenthetsa benchi. Malire a msinkhu amachititsa kuti makapu awiriwa akhale ndi kakomedwe kosiyana. Mu Commissioner's Cup mumaona kukankhana pansi pa basiketi, ma rebound, kubulokana, gemu yolemera. Mu Governors' Cup import amakhala wothamanga, woti ayendetse mpira yekha, aponye patali, alowe mkati, amake wosewera woopsa wa timu inayo, zonse pamutu pake, ndipo apa ataliatali a m'dzikomo amapezanso mpata wolamulira pansi pa basiketi. Kwa ine kapu iyi ndi yomwe imakoma kuonera.

Koma ndisakunamizeni kuti aliyense amagwirizana nazo. Alipo ambiri ku Philippines komweko omwe amati malire amenewa amanyengerera osewera awo, amazolowera kulimbana ndi anthu amsinkhu wawo kenako akapita ku mipikisano ya FIBA, bungwe loyang'anira basketball padziko lonse, n'kukumana ndi ziphona za ku Europe kapena ku China amasowa pogwira. Mfundo imeneyi ili ndi mutu ndithu. Ine ndimati bola kusiya kapu imodzi yopanda malire chaka chilichonse, inayo ikhale ndi malire, osamangosinthasintha lamulo ngati mmene akhala akuchitira.

Akulu, chimandidabwitsa ndi ichi. Munthu anasewerapo mu NBA, afika ku Manila ndi chimkokomo, magemu atatu anayi basi mwamva wabwezedwa, abwera wina yemwe dzina lake sitinalimvepo. Ma timu amenewa ndi opanda chipiriro kapena? Ndine sapota wa NBA.

Funso ili ndi lomwe landisangalatsa kwambiri amwene. Choyamba muwerenge magemu. Ligi ili ndi matimu 12, nde ndime yoyamba ya conference nthawi zambiri imakhala ya magemu 11 kapena kuzungulira pamenepo, osati 82 ngati ku NBA. Mukaluza atatu oyamba ndiye kuti mwayamba kale kununkha kutuluka. Komanso kumaliza pamwamba kuli ndi phindu lenileni, chifukwa mu makotafainolo ambiri matimu apamwamba amapatsidwa mwayi womwe amati twice-to-beat, iwo angowina gemu imodzi adutsa pomwe apansiwo ayenera kuwina ziwiri zotsatizana. Nde palibe nthawi yodikira kuti munthu achepetse kaye mimba kapena azolowere kutentha kwa ku Manila. Lamulo limalola kusintha import conference ili mkati, ndipo mabwana a matimu sachita manyazi kuligwiritsa ntchito. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ku PBA mawu amenewa ndi enieni.

Chachiwiri ndi ntchito yomwe amapatsidwa. Ku NBA munthu uja mwina ankalowa mphindi 10 pa gemu, ntchito yake inali imodzi, kuima pakona kudikira mpira kapena kumaka basi. Ku PBA gemu ndi ya mphindi 48 ngati ku NBA komweko, makotala anayi a mphindi 12, ndipo import amayembekezeka kusewera pafupifupi zonsezo, achinye mapointi 30, atole ma rebound opyola 10, pomwe timu inayo yamuikira anthu awiri atatu omukoka jezi, kumugunda m'nthiti ndi kumuyankhula zomupsetsa mtima. Masewero a kumeneko ndi ogundana kwambiri ndipo ma difenda awo amadziwa kuti akamutulutsa import ndi mafaulo 6 kapena akamukwiyitsa, gemu yatha. Ena amapirira, ena mutu umawira. Renaldo Balkman, yemwe anasewerapo New York Knicks ndi Denver Nuggets, mu 2013 ali ku Petron anapsa mtima ndi oyimbira mpaka anagwira pakhosi mnzake wa timu yomweyo Arwind Santos yemwe ankamuleretsa, ligi inamulipitsa ma peso 250,000 n'kumuletsa kusewera moyo wake wonse. Chiletsocho anachichotsa mu 2018, iye anabwerera n'kusewera limodzi ndi Santos yemweyo ku San Miguel mpaka kufika mu fainolo.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ndimakakamira ine, dzina la NBA silimawinitsa chikho ku PBA. Popeza timu iliyonse ili ndi import wake, nthawi zambiri awiriwo amathetsana, uyu 35 uyo 33, nde amene amasiyanitsa gemu ndi anyamata a m'dzikomo. Import wodzikonda, woti mpira ukafika kwa iye wafika kumanda, amatha kuchinya 45 timu n'kuluza, chifukwa anzake aja atha kotala yonse osaukhudza mpira, manja azizira, pofika mphindi zomaliza akawapatsira akuphonya. Import wabwino ndi yemwe amakoka anthu awiri kenako n'kupatsira yemwe watsala yekha, ndipo anzake amamukhulupirira. Taonani Rain or Shine mu 2016, inatenga Commissioner's Cup ndi Pierre Henderson-Niles, chimunthu chomwe sichinkachinya zambiri, ntchito yake inali kutseka pakati ndi kutola ma rebound, mapointi ankachinya ndi eni dziko pansi pa kochi Yeng Guiao, ndipo anagonjetsa Alaska mu fainolo. Mukanati muone mapepala ake okha simukanamutenga.

Sikuti onse ochokera ku NBA amalephera ayi. Hollis-Jefferson anasewera Brooklyn Nets, Toronto ndi Portland, ndipo ku TNT watenga zikho zitatu, koma mukamuonera muona kuti amamaka ngati wopenga, amadumphira mpira pansi, amapatsira, sabwera ngati bwana wodzapuma.

Bambo wa tsamba lino, mwana wanga amangoti Brownlee, Brownlee. Tsiku lina akuti ndi import wa Ginebra, tsiku lina ndamuona wavala jezi ya dziko la Philippines. Nanga ndi wakuti kwenikweni? Ndine mayi wa mnyamata wokonda basketball.

Mayi, mwana wanuyo ali ndi diso. Justin Brownlee ndi wa ku America, anabadwira ku Georgia, anaphunzira pa St. John's University, ndipo ku NBA sanasankhidwe mu drafti. Anafika ku Barangay Ginebra mu 2016 ngati wongogwirizira, import wawo Paul Harris atavulala chala. Nthawi imeneyo Ginebra, yomwe ndi timu ya masapota ochuluka kuposa ina iliyonse m'dzikomo, inali itatha zaka 8 osanyamula chikho. Mu gemu yachisanu ndi chimodzi ya fainolo ya Governors' Cup ndi Meralco, zigoli zili 88 kwa 88, nthawi ikutha, Brownlee anaponya ya mapointi atatu pamaso pa import wa Meralco Allen Durham, belu likulira mpira uli m'mwamba, n'kulowa. 91 kwa 88, Araneta Coliseum yonse inachita ngati igwa. Kuyambira tsiku limenelo Ginebra sinafunenso kumva za wina.

Pofika 2025 anali atatenga nayo zikho 6, Governors' Cup ya 2016, 2017, 2019 ndi 2021, komanso Commissioner's Cup ya 2018 ndi ya 2022 mpaka 2023. Za Commissioner's Cup zo ndi zomwe zimandigometsa, chifukwa kumeneko malire a msinkhu ndi okwera, matimu ena anabweretsa ziphona koma kochi wa Ginebra, Tim Cone uja, anakakamira munthu wake wamfupi poyerekeza ndi enawo, podziwa kuti ataliatali ali nawo kale a m'dzikomo ngati Japeth Aguilar. Fainolo ya mu Januwale 2023 inali yolimbana ndi Bay Area Dragons, timu yoitanidwa yochokera ku Hong Kong, ndipo gemu yachisanu ndi chiwiri ku Philippine Arena ku Bulacan kunalowa anthu 54,589, chiwerengero chachikulu kwambiri m'mbiri ya PBA. Ginebra inawina 114 kwa 99.

Za jezi ya dziko, mu Januwale 2023 momwemo anapatsidwa unzika wa Philippines kudzera mu lamulo lomwe nyumba ya malamulo inadutsitsa. FIBA imalola timu ya dziko kukhala ndi wosewera mmodzi wotere. Mu Okutobala 2023 ku Asian Games ku Hangzhou, timu ya dzikolo, Gilas Pilipinas, inali kumbuyo ndi mapointi 20 kwa eni bwalo China mu semifainolo, Brownlee anachinya 33 kuphatikizapo ma three awiri kumapeto, anawina 77 kwa 76. Mu fainolo anagonjetsa Jordan 70 kwa 60 n'kutenga golide woyamba wa basketball ku Asian Games chichokereni 1962. Chosekesa n'choti mbali ya Jordan wopatsidwa unzika wawo anali Hollis-Jefferson, yemweyo amene anali atangomulanda Brownlee Governors' Cup miyezi ingapo m'mbuyomo. Koma ngakhale ali ndi unzika, mu PBA Brownlee amawerengedwabe ngati import, Philippine Cup sasewera. Ndipo mumuuze mwanayo asadzitame kwambiri, mafainolo atatu omwe Brownlee wakumana ndi Hollis-Jefferson mu PBA, ya 2023, ya 2024 ndi ya Malichi 2025 yomwe inafika gemu yachisanu ndi chiwiri mpaka nthawi yoonjezera, onse anapita ku TNT.

Aise, matimu ake bwanji maina ngati tili mu golosale? Beermen, Elasto Painters, Fuel Masters, eti zoona? Ndine woseka.

Zoona aise, matimu a PBA si a mizinda, ndi a makampani, ndipo dzina la timu ndi malonda. San Miguel Beermen ndi mowa, Ginebra ndi jini, Magnolia ndi zakudya, atatu onsewa mwini wake ndi San Miguel Corporation. TNT ndi ya mafoni, Meralco ndi ya magetsi, NLEX ndi ya msewu waukulu wolipira, awanso ali pansi pa gulu limodzi la Manny Pangilinan. Rain or Shine ndi penti, Phoenix ndi mafuta agalimoto, Converge ndi intaneti. Nchifukwa chake timu imatha kusintha dzina kampani ikafuna kutsatsa katundu wina, Magnolia ya lero ndi yomwe inali Purefoods, B-Meg, San Mig Coffee ndi Star. Magemu ambiri amaseweredwa m'mabwalo omwewomwewo a mu Metro Manila monga Araneta ndi Mall of Asia Arena, palibe zoti kwathu kwanu. Choipa chake n'choti magulu awiri akuluakulu aja ali ndi theka la ligi, ndipo chichokereni chikho cha Rain or Shine cha 2016 chija mpaka pakati pa 2025, zikho zonse zinkangozungulira kwa iwo. Import yekha sangathetse zimenezo.

Akulu, tinakangana ndi anzanga usiku wonse. Import woposa onse m'mbiri ya PBA ndani? Ine ndikuti Brownlee, wina akuti kunali wina kale wochinya mapointi opyola 100. Tiweruzeni. Ndine mphwanu.

Mphwanga, mnzakoyo sakunama. Tony Harris wa timu ya Swift anachinya mapointi 105 pa 10 Okutobala 1992 ku Iloilo polimbana ndi Ginebra, gemu inatha 151 kwa 147, ndipo mpaka lero palibe wafikapo. Iye anaphwanya rekodi ya Michael Hackett yemwe anachinya 103 mu 1985 ali ku Ginebra. Koma usiku umodzi sungapange munthu kukhala woposa onse.

Ukafunsa achikulire a ku Manila ambiri akuuza Billy Ray Bates, yemwe anasewerapo Portland Trail Blazers asanafike ku Crispa mu 1983, ankamutcha Black Superman chifukwa cha ma dunk ake, anathandiza Crispa kutenga Grand Slam chaka chimenecho, kenako mu 1986 iye ndi Hackett uja, nthawi yomwe ankalola ma import awiri, anapatsa Ginebra ya kochi Robert Jaworski chikho chake choyamba. Pa luso lenileni la thupi mwina palibe womuposa, koma nyengo yake inali yaifupi.

Ena akuuza Bobby Parks, yemwe anasewera kwambiri ku Shell ndipo anawina mphoto ya Best Import kasanu ndi kawiri, palibe wina wafikapo. Anakhazikika m'dzikomo, anamwalira mu 2013, ndipo mphotoyo pano imatchedwa dzina lake. Mwana wake Bobby Ray Parks Jr. anadzasewera mu PBA ngati mwini dziko. Kulinso Norman Black yemwe anafika mu 1981, ankamutcha Mr. 100% chifukwa cholimbikira, kenako anasanduka kochi n'kutenga Grand Slam ndi San Miguel mu 1989, ndipo taona mmene dziko limazungulirira, ndi iyeyo anali kochi wa Meralco usiku womwe Brownlee anaponya mpira uja. Osaiwala Sean Chambers wa Alaska, munthu wosatalika kwenikweni yemwe ankangobwerabwera chaka ndi chaka, anali nawo pa Grand Slam ya 1996 ndipo timuyo inapumitsa nambala yake 20.

Uone chinthu chimodzi pa maina amenewa, kupatula Bates ndi Harris, enawo ndi anthu omwe sanali akuluakulu ku NBA koma anakhalitsa, anadziwa anzawo, anadziwa oyimbira, anadziwa mmene ligi imapumira. Chigamulo changa, pa mphoto za munthu payekha ndi Parks, pa kugwedeza bwalo ndi Bates, koma ukaphatikiza zikho, mipira ya mphindi yomaliza ndi golide wa ku Hangzhou, ndikupatsa iwe, ndi Brownlee. Womvetsa chisoni pa onse ndi Allen Durham, Best Import katatu, mafainolo atatu ndi Meralco, onse kuluza kwa Brownlee yemweyo.

Achimwene, nanga a ku Africa amapezekako? Kapena ma import ndi a ku America okhaokha? Ndine wongofuna kudziwa.

Ambiri ndi a ku America inde, koma lamulo silinena za dziko. Hamady N'Diaye wa ku Senegal anasewera ku Kia mu 2015, Cheick Diallo wa ku Mali yemwe anasewerapo New Orleans Pelicans anali ku Converge mu Commissioner's Cup ya 2024 mpaka 2025. Mu 2015 ndi 2016 anayesakonso kulola import wachiwiri wochokera mu Asia momwemo, kunabwera anthu ngati Sam Daghles wa ku Jordan ndi Michael Madanly wa ku Syria, koma sizinapitirire.

Komwe anyamata a ku Africa atchuka zedi ndi m'mayunivesite. Ben Mbala wa ku Cameroon anali MVP, wosewera wopambana onse, wa ligi ya mayunivesite ya UAAP mu 2016 ndi 2017 ali ku La Salle, Malick Diouf wa ku Senegal anakhalanso MVP mu 2022 ali ku University of the Philippines, ndipo Ange Kouame wa ku Ivory Coast yemwe anali ku Ateneo anapatsidwa unzika mu 2021, pa golide wa Asian Games uja analipo limodzi ndi Brownlee, poti umenewu si mpikisano wa FIBA. Ligi ina ya makoleji, NCAA ya ku Philippines, inasiya kulola osewera akunja kuyambira 2020 ponena kuti akutsekereza eni dziko, mkangano womwewu wa msinkhu uja.

Akulu, ine ndimaona ngati ma import akupha luso la eni dziko. Mpira wofunika ukafika onse amangoyang'ana mlendo. Si bwino kungowachotsa? Ndine mphunzitsi wa masewero.

Aphunzitsi, mbali ina mukunena zoona, mu makapu a ma import masekondi omaliza mpira umapita kwa mlendo, ndipo mnyamata wa m'dzikomo amatha kutha miyezi ingapo osaphunzira kunyamula gemu pamapewa pake. Nchifukwa chake Philippine Cup ndi yomwe eni ake amaipatsa ulemu waukulu, ndipo mphoto ya MVP wa sizoni amapereka kwa eni dziko okha, Fajardo anaitenga kasanu ndi kamodzi motsatizana kuyambira 2014 mpaka 2019 ndipo anadzaonjezeranso pambuyo pake. Koma kuwachotseratu ndikukana. Munthu yemwe amamaka Hollis-Jefferson kapena Brownlee kawiri katatu pa mwezi amaphunzira zinthu zomwe sangaziphunzire pomaka mnzake yemwe anakulira naye limodzi, ndipo amene amachita nawo mapulakatisi tsiku ndi tsiku amaphunzira zoposa. Mu 2024 Gilas inakagonjetsa Latvia kwawo ku Riga 89 kwa 80 mu mpikisano wolimbirana malo a Olympics, Brownlee analipo inde koma sanasewere yekha.

Chomwe chikuidya PBA panopa kwa ine si alendo obwera, ndi eni dziko otuluka. Kuyambira pomwe Thirdy Ravena anapita ku San-en ya ku Japan mu 2020, anyamata ambiri aluso atsatira, mchimwene wake Kiefer Ravena, Dwight Ramos, Bobby Ray Parks Jr. uja, ena ngati Rhenz Abando anapita ku Korea, chifukwa maligi a kumeneko anatsegula malo a osewera a mu Asia ndipo ndalama zake ndi zabwinoko. Nde mukachotsa ma import pomwe achinyamata otchuka akuthawira kunja, anthu akalipira tikiti kuti akaonere ndani? Ligi ikadayamba yakonza za malipiro ndi kusinthanitsa osewera komwe kumangokomera matimu akuluakulu, za ma import zibwere pambuyo.

Aise, ndinaona kavidiyo munthu waponya kamodzi zigoli zakwera ndi 4. Kompyuta inalakwitsa? Ndine wokayika.

Sinalakwitse aise. Kuyambira Governors' Cup ya 2024 PBA inajambula mzere wina kuseri kwa mzere wa mapointi atatu, pa mtunda wa mafiti 27, pafupifupi mamita 8.2, ukaponyera kumeneko n'kulowa ndi mapointi anayi. Woyamba kulowetsa pa gemu yeniyeni anali Chris Banchero wa Meralco, ndipo pasanapite nthawi import wa Converge Scotty Hopson anawinitsa gemu ndi mpira woterowo polimbana ndi TNT. Masapota ena amaukonda chifukwa timu yotsalira ndi 4 imakhalabe ndi moyo mpaka sekondi yomaliza. Ine sindinaukondebe, ku FIBA kulibe mzere umenewu, nde mukuphunzitsa anyamata kuponya mpira womwe akavala jezi ya dziko uwerengedwa atatu basi, ndipo Tim Cone yemwe ndi kochi wa timu ya dziko naye ananena poyera kuti sakugwirizana nawo.